Malo Aŵiri Okha

Ife amene tinali anyamata m'zaka za m'ma 1960 kuno ku Ndunde tinali ndi magalimoto ambiri kuposa bwana aliyense wa ku Limbe. Anali a waya. Wayayo tinkachita kutola, kapena, ndisabise, kumasula pa mipanda ya eni ake. Mawilo tinkapanga ndi tizitini ta polishi, ndipo chiongolero chinali waya wautali wofika m'chiuno. Bwalo lathu linali kuseri kwa sukulu, pamene panali chulu mbali ina ndi mtengo wa mango mbali inayo. Tinkazungulira chulu, kuthamangira ku mango, kuzungulira mango ndi kubwereranso ku chulu, mpaka mapazi athu analemba okha njira pa udzu, yooneka ngati dzira. Lamulo linali limodzi: wotsala m'mbuyo pa ulendo uliwonse atuluke, akakhale pa chulu azionerera anzake. Ine ndinali mwana wolemera miyendo, kotero chulu chimenecho ndinachidziŵa bwino.

Sindinaganizepo kuti kwina kwake kuli anthu akuluakulu, a ndevu zao, amene amachita maseŵero omwewo ndi magalimoto enieni, kufikira tsiku lina madzulo m'mwezi wa Novembala 2022, pamene mzime wathu, Yamikani, anandipeza pakhonde ali ndi foni m'manja nati, "Bambo, taonani munthu uyu."

Koma ndiyambe ndakuuzani, aŵerengi anzanga, za Yamikaniyo ndi za kope langa.

Ndinapuma ntchito ya uphunzitsi mu 2018. Mwanayu anatsiriza Fomu 4 koma sanapeze malo ku koleji, ndipo anakhala pakhomo zaka ziŵiri akungotafuna nzimbe ndi kuyang'ana phiri la Chiradzulu. Mu 2021 ndinasonkhanitsa zotsala za penshoni ndi ndalama za nandolo, ndi kumgulira njinga yamoto kuti azichita kabaza monga anzake. Popeza kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndinaitana atsibweni ake kuti amve pangano lathu. Linali lotere: tsiku lililonse, kupatula la Mulungu, azindipatsa K5,000, zotsalazo ndi zake, petulo ndi wake. Ndinagula kope la masamu, ndinalemba masiku m'mizere, ndipo tsiku limene sanakwanitse ndinkalidula ndi cholembera chofiira. Mphunzitsi amapuma ntchito, koma cholembera chofiira sichipuma.

Chaka choyamba zinayenda. Koma mu Meyi 2022 boma linachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo katundu yense anakwera. Pofika miyezi ya dzuŵa petulo anasoŵa. Magalimoto ankagona pa mizere ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo anyamata a kabaza ankagula wa m'zigubu pa mtengo woŵaŵa. Njinga nazo zinali zitachuluka pa siteji, kotero kuti munthu mmodzi akatsika minibasi ankamthamangira anyamata asanu. Zonsezi ndinkaziona. Koma inenso ndinali ndi masamu anga: mvula inali pafupi, ndipo munda wathu umafuna matumba anai a feteleza. Mu Okutobala mizere yofiira inafika isanu ndi umodzi, ndipo tsiku lina pa chakudya ndinanena kuti njinga si yobadwa nayo, ilipo ana a eni ake amene angaiyendetse bwino. Amai ake anandiyang'ana. Iye anasamba m'manja natuluka.

Ndiye mwezi wotsatirawo ndi pamene anabwera ndi kanema uja.

Ndinavala magalasi. Ndinaona magalimoto a mitundumitundu, olembedwa manambala aakulu, akuthamanga motsatana pa mseu wozungulira wokhala ndi khoma m'mbali mwake. Pofika pokhota onse anachepetsa liŵiro, monga achitira munthu aliyense wanzeru. Koma imodzi, yolembedwa nambala 1, sinachepetse. Inapita kunja, nitsamira khoma ndi nthiti yake ya kumanja, ndipo inazungulira pokhotapo ikukhula khomalo, utsi uli tolo, nkupitirira anzake ngati iwo aima. Ndinayesa kuti wina wauthamangitsa dala kanemayo. Yamikani anati ayi, ndi mmene zinachitikira. Ndinamuuza kuti abwereze. Anabwereza kasanu ndi kamodzi, ndipo ndivomere pano pamaso pa makolo anzanga kuti ulendo wachitatu ndinafuula ngati mwana, mpaka nkhuku zinabalalika. Mnyamata wa pa chulu uja anali asanafe mwa ine.

Kenaka ndinakumbukira kuti ndine bambo. Ndinachotsa magalasi ndi kunena kuti, "Mwanawe, kuthamanga si kufika."

Iye anati, "Koma uyutu wafika, Bambo."

Amai ake anaseka ali kukhitchini. Ine yankho ndinalibe, ndipo mphunzitsi akagonja kwa mwana wa sukulu amapita kukaŵerenga. Ndinabwereka foniyo madzulo angapo, ndinamthera bandulo yake, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Mpikisanowu ndi wa ku America, ndipo amauyendetsa ndi a bungwe lotchedwa NASCAR, limene Bill France analikhazikitsa mu 1948 ku Daytona Beach. Chiyambi chake si chonyaditsa kwenikweni. Ena mwa oyendetsa oyambirira anali anyamata onyamula kachasu wa kwao usiku, amene ankakonza magalimoto ao kuti azithamanga kuposa a apolisi, kenaka anayamba kupikisana okhaokha. Magalimotoŵa kunja amaoneka ngati ogula m'sitolo, a Chevrolet, Ford ndi Toyota, koma m'kati muli mpando umodzi wokha, ndipo alibe zitseko zotseguka; woyendetsa amaloŵera pa zenera. Pa mabwalo ozungulira amakhotera kumanzere kokhakokha, tsiku lonse.

Chimene chinandikumbutsa chulu chathu ndi dongosolo la kumapeto kwa nyengo monga linalili chaka chimenecho. Mijaho yoŵerengedwa inali 36, kuyambira Febuluwale mpaka Novembala. Itatha 26, anasankha oyendetsa 16 kuti ndiwo alimbirane chikho. Pakatha mijaho itatu ankadula anai a pansi, kutsala 12. Pakatha ina itatu kutsala 8. Pakatha inanso itatu kutsala 4. Anai ameneŵa ndiwo ankakumana pa mjaho wotsiriza, ndipo wofika patsogolo pa anzake atatuwo ndiye ngwazi ya chaka. Wopambana mjaho ankaoloka popanda kuŵerenga mapointi. Ena onse ankadalira mapointi, ndipo pointi imodzi inali yokwanira kukhazika munthu pa chulu, ngakhale atayendetsa bwino chaka chonse.

Mjaho wa mu kanema uja unachitika pa 30 Okutobala 2022 ku Martinsville, m'chigawo cha Virginia, ndipo ndiwo unali wodula anthu 8 kuti atsale 4. Bwalo la Martinsville linatsekulidwa mu 1947, ndipo ndi laling'ono: kuzungulira kamodzi ndi mamita pafupifupi 850. Liri ndi mbali ziŵiri zazitali zoongoka ndi malo aŵiri okhota kwambiri, kotero kuti ntchito yaikulu kumeneko ndi ya mabuleki. Amazungulira maulendo 500, umene uli mtunda woposa makilomita 420, kutanthauza kuchoka ku Blantyre, kufika ku Lilongwe ndi kupitirirabe, koma osachoka pamalo amodzi. Wopambana amalandira koloko yaitali yoima pansi, yoposa msinkhu wa munthu, mwambo umene unayamba mu 1964. Tsiku limenelo kolokoyo anatenga ndi Christopher Bell, koma anthu ochepa ndiwo amakumbukira zimenezo.

Wa nambala 1 uja dzina lake ndi Ross Chastain. Anali ndi zaka 29, mwana wa alimi a mavwende a ku Alva, ku Florida, banja limene lalima mavwende mibadwo isanu ndi itatu. Akapambana mjaho amakwera pamwamba pa galimoto ndi kuphwanya chivwende pansi. Ichi chinandisangalatsa, pakuti mwana wa mlimi ndi mwana wa mlimi kulikonse. Amene ankalimbirana naye malo otsala anali Denny Hamlin, wa nambala 11, munthu wamkulu wa zaka 41, wokulira ku Virginia komweko, amene anali atapambana mijaho yambiri koma chikho cha chaka asanachigwirepo. Poyamba ulendo wotsiriza Hamlin anali patsogolo, Chastain ali wa nambala 10, ndipo anzake anamuuza pa wailesi ya m'galimoto kuti kunatsala malo aŵiri okha kuti aoloke. Malo aŵiri, m'mamita osakwana 850, pa bwalo limene kupitirira galimoto imodzi kumatenga maulendo ambirimbiri. Tsono iye anaika giya yachisanu, naponda moto mpaka pansi, natsamiritsa galimoto ku khoma, nasiya khomalo kuti likhote m'malo mwake. Anapitirira magalimoto asanu, wotsiriza kupitiriridwa ndi Hamlin yemweyo, pa mzere penipeni. Ulendo umenewo unatha masekondi 18.845, ndipo panalibe galimoto ya mtundu umenewu imene inazungulirapo bwalolo msanga chotero. Atafunsidwa kumene anazitenga, ananena kuti ankachita zimenezi ali mwana pa maseŵero a pa kanema ndi mng'ono wake, osadziŵa ngati zingatheke pa mseu weniweni.

Apa ndi pamene ndinapeza yankho langa, chifukwa ndinadzifunsa kuti: munthu wagunda khoma pa liŵiro loposa makilomita 200 pa ola, nanga watuluka bwanji akuyenda ndi miyendo yake?

Khoma limenelo si la simenti chabe. Kutsogolo kwake kuli mapaipi a chitsulo, ndipo pakati pa mapaipiwo ndi simenti pali zinthu zofeŵa zonga siponji, kuti galimoto ikagunda khoma lizifwamphukira m'kati ndi kumwa mphamvuyo. Woyendetsa amakhala m'khola la mapaipi ootcherera, womangidwa ndi malamba m'mapewa, m'chiuno ndi m'miyendo, atavala zovala zosagwira moto. Pa zenera pali ukonde, ndipo helemeti yake amaimangirira ku chida cha pamapewa kuti mutu usagwedezeke kutsogolo. Madokotala ndi ozimitsa moto amakhala pomwepo. Onse amayenda njira imodzi, ndipo oonerera ali kuseri kwa mpanda wa waya. Zonsezi sizinadze ndi nzeru zokha. Mu 2000 anafa mnyamata wa zaka 19, Adam Petty, ndi enanso aŵiri, onse chifukwa chothyoka fupa la patsinde pa mutu. Pa 18 Febuluwale 2001 anafa Dale Earnhardt, ngwazi ya zaka zisanu ndi ziŵiri, atagunda khoma pokhota potsiriza pa ulendo wotsiriza ku Daytona, anthu miyandamiyanda akuonera. Ndi pambuyo pa maliro amenewo pamene chida cha pamapewa chija chinakhala cha lamulo, ndipo makoma ofeŵa anayamba kumangidwa. Kuchokera pamenepo kufikira tsiku la Chastain, palibe amene anafera mu mjaho wa gulu lapamwambali. Masekondi 19 amene anyamata athu amawaonera pa foni analipiridwa kale ndi amasiye a anthu ena.

Ndinakonza phunziro langa bwinobwino, monga ndinkachitira kukabwera oyendera sukulu, ndipo Loŵeruka madzulo ndinamuitana. Ndinamfotokozera za khoma, za khola ndi za Earnhardt. Ndinamfunsa kuti andiuze khoma la mseu wathu. M'mbali mwa mseu wathu muli ana obwera ku sukulu, amai osenza ndowa, mbuzi zosadziŵa lamulo, ngalande ndi mitengo ya bulugamu, ndipo kumbuyo kwake amanyamula munthu wopanda helemeti amene sanavomere kuloŵa mpikisano uliwonse. Anamvetsera atazolika, nati, "Ndamva, Bambo." Ndinagona wokhutira ndithu. Linali phunziro labwino, ndipo ndikhoza kuliphunzitsanso lero osasintha mau. Kungoti panali chinthu chimodzi m'nkhani ija chimene ndinachiŵerenga ndi kuchilumpha.

Patapita masabata aŵiri, pa tsiku la msika, dzuŵa litangoloŵa, kunabwera mnyamata wothamanga kudzatiuza kuti Yamikani wagwa. Mvula yoyamba inali itakokolera mchenga pokhota pena pafupi ndi kalavati, ndipo iye analoŵapo ndi liŵiro atanyamula mai wina wogulitsa tomato. Iye anangosupuka mwendo ndi chigongono. Maiyo anathyoka mkono wamanja, pafupi ndi dzanja. Tinawatengera ku chipatala usiku womwewo, kumene anawamanga chikhakha, ndipo m'maŵa mwake ine ndi atsibweni ake a mwanayo tinapita kwao kukagwada. Anali mai wosakwatiwa, wa ana anai, ndipo mvula yobzalira inali itagwa mizere asanatsirize. Abale ao sanatinyoze. Anangoŵerenga: tomato wotayika, ndalama za ulendo wa ku chipatala, ndi munda. Mkulu wao anati, "Aphunzitsi, mkono umene wathyokawu ndiwo khasu la pakhomo pano." Tinavomera kukalima ndi kukabzala mundawo ife tomwe.

Usiku umenewo ndinamfunsa mwanayo, ndipo ndinafunsa mokalipa. Kodi phunziro lonse lija linaloŵera kuti? Anakhala chete nthaŵi yaitali, akuyang'ana bala la pa mwendo. Kenaka anati, "Panatsala K1,200, Bambo. Ndimati ndikawatula maiwo ndibwerere msanga minibasi yotsiriza isanafike. Anthu aŵiri okha akanakwana."

Anthu aŵiri okha. Ndinamva ngati munthu wanditsira madzi a m'maŵa kumsana, chifukwa mau amenewo ndinali nditawaŵerenga kale. Chastain sanatsamire khoma chifukwa chakuti anali wamisala. Maulendo 499 anayendetsa monga anzake onse, akuponda buleki pamene pafunika. Anasintha pamene anamva mau pa wailesi omuuza chimene chinatsala, ndipo mauwo anali ndi mphamvu chifukwa akuluakulu ena, atakhala pa mipando yofeŵa, anakonza kuyambira mu 2014 kuti pakhale mzere wodulira anthu, kuti oonerera asatope kumapeto kwa nyengo. Ine masabata onsewo ndinali kudzifanizira ndi omanga khoma, pamene pakhomo pathu wolemba mzere ndinali ine, ndipo mau a pa wailesi anali anga, amene ndinawanena pa chakudya mu Okutobala.

Sindikufuna kuti achinyamata oŵerenga nkhaniyi aombe m'manja msanga. Yamikani ali ndi mlandu wake, ndipo akuudziŵa. Liŵiro amalikonda ndi popanda ngongole pomwe, ndipo si cholembera changa chimene chinapotokola chigwiriro cha moto pa mchenga paja. Anyamata ambiri a pa siteji amathamanga pongofuna kuti anzao awaone. Ndiponso kholo kapena mwini njinga wofuna ndalama yake sanachimwe. Feteleza sagulidwa ndi chifundo. Koma ndalama ya tsiku imene siyang'ana mtengo wa petulo, kapena mvula, kapena kuchuluka kwa njinga, imakakwanira ndi chinthu china, ndipo nthaŵi zambiri imakwanira dzuŵa likuloŵa, pamene maso saona bwino ndi thupi latopa. Ine ndinaphunzitsa masamu zaka zoposa makumi atatu, koma samu imeneyi anandiŵerengera ndi mkono wa munthu wina.

Za ku America zinatha motere. Sabata yotsatira, pa 6 Novembala ku Phoenix, chikho anatenga Joey Logano, ndipo Chastain anakhala wachiŵiri pa chaka chonse. Mu Januwale 2023 a NASCAR analengeza kuti aliyense wochitanso za khoma zija adzalangidwa, chifukwa ndi zoika anthu pa ngozi, ndipo mwini wakeyo sanatsutse. Ananena kuti si chinthu chimene angafune kubwereza. Chidutswa cha khoma chimene anakhula anachidula nachisunga ngati chikumbutso. Koma mzere wodulira anthu anaupitiriza m'nyengo zotsatira, ndipo pamenepo ndinawamvetsa bwino, chifukwa inenso kuletsa mwana kuthamanga kunandiphwekera kuposa kutseka kope langa.

Tinalitseka komabe, pamaso pa atsibweni ake omwewo. Tsopano timagaŵana zimene zapezeka pa sabata, petulo atachotsedwa, zichuluke kapena zichepe. Ndinagula helemeti yachiŵiri ya wokwera, ngakhale amai ambiri amaikana poopa kuononga tsitsi, ndipo njinga imaloŵa m'nyumba dzuŵa lisanabisike kuseri kwa phiri. Chaka chimenecho tinathira matumba aŵiri m'malo mwa anai. Sindingathe kukuuzani kuti tinataya zochuluka bwanji, popeza mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola minda ya othira anai ndi ya othira aŵiri chimodzimodzi, ndipo m'boma lathu lino anatenga ndi miyoyo yomwe, kotero kuti za chimanga tinachita manyazi kudandaula. Munda wa mai aja, umene tinalima masiku asanu ndi anai ine, Yamikani ndi amai ake, uli pamtunda, ndipo unapatsa kuposa wathu. Mkono unapola, koma amati kukazizira umaŵaŵa. Akamapita ku msika amakwera njinga ya mnyamata wina.

Kanema uja anafalikira pakati pa ana a m'mudzi muno, ndipo adzukulu anga aŵiri anandiumiriza kuti ndiwapangire magalimoto a waya. Manja anga amakumbukirabe. Mawilo ndinachita kudula ku mapatapata akutha, popeza tizitini ta polishi tikusoŵa masiku ano. Alibe chulu, tsono amazungulira nyumba yathu, ndipo wamng'onoyo, amene ndi wolemera miyendo ngati agogo ake, akafika pangodya ya kukhitchini amatsamiritsa galimoto yake ku khoma ndi kuthamanga atatsinzina. Dothi limene agogo ake aakazi anazira chaka chatha lakhulika mzere wautali, msinkhu wa chikhatho kuchokera pansi, ndipo iwo anena kale kuti wozira kachiŵiri ndi amene anapanga magalimotowo.